Sipanala Pansi pa Matiresi

Mng'ono wanga anandilanda shopu zaka zinayi zapitazo, ine ndili chigonere m'chipatala ndi chiuno chothyoka. Ndinagwa pamakwerero ndikumanga thanki ya madzi padenga la nyumba ya munthu wina. Pamene madokotala ankalumikiza mafupa anga ndi zitsulo, iye anapita kwa mwini malo n'kumuuza kuti achimwene sadzayendanso, ndiye lendi ikhale m'dzina lake. Anagula loko watsopano. Dzina langa pakhoma analifufuta ndi penti wobiriwira n'kulembapo lake. Zipangizo zinatsekeredwa momwemo: zodulira mapaipi, zowotcherera, ngakhale makwerero amene anandigwetsawo. Munthu ameneyu anabwera kwa ine asakudziwa ndi mbali yomwe yopotokolera mpope. Ndinamuphunzitsa ndine.

Nditatuluka m'chipatala ndinalibe kolowera. Mayi a ana anali atatisiya kale, ntchito inali itapita, mwendo umodzi unkakokeka. Mwana wanga wamkazi ananditenga n'kundipatsa chipinda chakumbuyo m'nyumba mwake. Muli bedi, mpando umodzi, ndi zenera loyang'ana pachingwe choyanikira zovala. Paipi ya kubafa imadutsa m'khoma limene ndimatsamirako mutu, moti ndimadziwa amene akusamba pongomva mmene watsegulira madzi. Si chipinda choti munthu n'kunyadira, koma ndi chokhacho chimene ndili nacho padziko pano.

Chaka chatha mkamwini wanga anachotsedwa ntchito kufakitale. Anakhala pakhomo miyezi ingapo akutsuka mbale, kenako tsiku lina anatulukira atavala ovololo yobiriwira, kumsana kutalembedwa dzina la mng'ono wanga. Anali atayamba ntchito yoyendetsa galimoto ya shopu. Palibe amene anandiuza. Anangokhala patebulo ndi ovololoyo n'kupempha mchere.

Zimene ndinachita sindizikumbukira bwino. Ndimakumbukira tebulo lili chagada, mbale zitasweka, ndi mdzukulu wanga wamkazi, kamwana kongoyamba kumene sukulu, atalowa pansi pa bedi la makolo ake, akukana kutuluka.

Mwana wanga sanakalipe. Anali ndi pakati nthawi imeneyo, ndiye anagwada movutikira n'kutola zidutswa za mbale chimodzichimodzi. M'mawa mwake anabwera kuchipinda kwanga, anaima pakhomo osakhala pansi, n'kunena zinthu ziwiri. Choyamba, kuchipatala kuli mayi wina wothandiza anthu pa za maganizo, ndipo ine ndizipitako Lachinayi lililonse. Chachiwiri, zikadzachitikanso, adzandipezera kachipinda ka lendi kutsidya kwa tawuni, azidzandiona akapeza mpata. Ndinamufunsa ngati akunditenga ngati wamisala. Anati ayi, akunditenga ngati bambo ake, n'chifukwa chake akundiuza kamodzi kokha.

Chipinda cha mlangiziyo chili kumapeto kwa kolido, kupitirira pamene amakwezera ana sikelo. Muli mipando iwiri yoyang'anizana popanda tebulo pakati, wotchi pakhoma, ndi sinki pakona yokhala ndi mpope wodontha. Mayiyo ndi wa msinkhu wa mwana wanga, wovala magalasi. Tsiku loyamba analankhula zambiri za malamulo a ntchito yake. Ine ndinangomva chiyambi, chakuti zokambidwa muno zimathera muno, n'kuseka chamumtima. Zotsalazo zinandidutsa, makutu anga anali pampope uja.

Ndinkayembekezera kuti andiuza kuti ndikhululuke, monga amanenera aliyense amene sanalandidwepo kanthu. Sananene. Anandifunsa za shopu, ine n'kufotokoza, iye n'kunena kuti ngati zinayenda choncho ndiye ndinalakwiridwa. Zimenezi zinandichititsa kumukayikira kwambiri, chifukwa mng'ono wanga nayenso ankandivomereza chilichonse.

Kenako anayamba mafunso ake. Ankafuna kudziwa chimene chimachitika m'thupi mwanga mkwiyo usanafike. Ndinamuuza kuti palibe, umangofika ngati magetsi akayaka. Anati chabwino, koma sabata ino mungoyang'anira, musachite kalikonse, mungoyang'anira ngati mlonda wa pageti. Ndinamuuza kuti sukulu ndinalekezera panjira ndipo homuweki ndinaisiya komweko. Anaseka n'kunena kuti iyi ilibe chikwapu.

Chondinyansa n'chakuti ankanena zoona. Sabata yomweyo mkamwini anaimika galimoto ya shopu pabwalo, ine ndili pakhonde. Lilime langa linapita lokha pamene panachoka dzino, n'kukanikiza pamenepo. Makutu anatentha. Kenako dzanja lamanja linafumbata. Mkwiyo weniweni unabwera pambuyo pake, ngati bwana amene amatumiza antchito patsogolo. Zaka zonsezi ndinkakhala m'thupi limeneli osadziwa. Nditamuuza mlangizi Lachinayi, sanandiombere m'manja. Anangofunsa kuti pakati pa lilime ndi dzanja pali mpata waukulu bwanji, ndipo munthu angachitemo chiyani. Ndinati sindikudziwa. Anati poyambira ndingopuma kaye, zinazo tifufuza limodzi.

Koma ine ndili ndi njira yanga yodziwira anthu, ndipo sindinaitenge m'buku. Paipi ikamadontha m'kati mwa khoma, sugumula nyumba yonse. Umathira utoto m'thanki n'kudikira. Pamene patulukire madzi ofiira, vuto lili pomwepo. Anthu ndimawayeza chimodzimodzi. Ndimauza munthu mmodzi nkhani imene sindinauze wina aliyense, kawirikawiri yongopeka, n'kudikira kuti itulukira kuti. Mkamwini ndinamuuzapo kuti adokotala akuti zitsulo za m'chiuno zasuntha, ndikufunika opaleshoni ina, koma asauze munthu. Sipanapite nthawi, mwana wanga anabwera maso ali ofiira kudzandifunsa za chiuno. Ndinadziwa kuti mkamwini amadontha. Mayi woyandikana nafe amadontha. M'busa amene ankabwera kudzandiona amadontha ngati sefa. Sindinapezepo munthu wosadontha.

Mwana wanga atachira, khanda lili lamwamuna, nyumba inadzaza matewera ndi alendo. Lolemba lina akundipatsa tiyi anati bambo aang'ono aimba foni, akubwera Lamlungu masana kudzaona mwana. Anati sangawakanize, ndi bambo ake aang'ono, komanso ndi abwana a amuna ake. Anati ndikafuna ndikhoza kukhala kuchipinda mpaka atapita. Ndinamufunsa kuti zinayamba liti zoti woberedwa ndiye azibisala, wakuba ali pasofa. Lilime linali litafika kale padzino paja.

"Bambo, dzanjalo," anatero. "Pumani kaye."

Za dzanja ndinauza munthu mmodzi yekha. Ndipo mawu akuti pumani kaye ndinkawadziwa mwini wake. Ndinamwa tiyi uja, koma mumtima ndinali nditayamba kale kusungunula utoto.

Lachinayi tinapitira limodzi, chifukwa linali tsiku lokweza khanda sikelo. Mwana wanga anatsala pamzere wa azimayi, ine n'kupitirira ndi ndodo yanga mpaka kumapeto kwa kolido. Ndinali nditaganiza kuti utoto wake ukhale wofiira kwambiri, woti ukatulukira kunyumba sindingausokoneze ndi china. Mlangizi atandifunsa kuti sabata yayenda bwanji, ndinamuuza za Lamlungu. Kenako ndinatsitsa mawu.

"Pansi pa matiresi anga pali sipanala yaikulu, ya mapaipi," ndinatero. "Lamlungu akawerama kuti aone mwana, ndimukhoma nayo pankhongo. Kamodzi kokha. Sizifuna kawiri."

Ndinatsamira pampando n'kudikira. Sanadzidzimuke. Anavula magalasi n'kuwagwira m'manja, n'kuyamba kufunsa pang'onopang'ono: yakhalapo nthawi yaitali bwanji, alipo wina akudziwa, ndayamba liti kuganiza zimenezi. Ine ndinkayankha ndikuwonjezera, zikundikomera. Ndinati ndimaipaka mafuta sabata iliyonse. Ndinati ndikudziwa kale mbali ya sofa imene adzakhale.

"Bambo, izi sindingazisunge," anatero. "Mwana wanu ayenera kudziwa lero, asanachoke pano."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti ndamugwira, kuti ena onse amayesako kudikira masiku awiri, koma iye wadontha madzi asanatuluke n'komwe m'thanki. Anandisiya ndimalize kuseka. Kenako anati tsiku loyamba anandiuza kuti zonse zimathera muno kupatula chimodzi: moyo wa munthu ukakhala pangozi, kaya wanga kaya wa wina. Anati sakuchita zam'seri, n'chifukwa chake akuuza ine poyamba, pamaso. Nditatchula za dzanja lija, anati mwana wanga sanalankhulanepo naye, ngakhale nkhope yake saidziwa.

Ndi pamene ndinaona chimene ndachita. Mwana wanga akamva mawu amenewo, sadikira Lamlungu. Chikwama changa chikhala pakhomo dzuwa lisanalowe. Ndinayamba kulankhula msangamsanga ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Ndinati ndi bodza, ndimangomuyesa. Ndinafotokoza za thanki, za utoto, za mkamwini ndi m'busa. Kanali koyamba kufotokozera munthu njira yangayi, ndipo ikutuluka pakamwa sinkamveka yanzeru ngati mmene imamvekera m'mutu.

Anamvetsera mpaka ndinatha. "Ndamva," anatero. "Mwina n'zoona kuti mumandiyesa. Ndiyankheni chimodzi chokha. Sipanalayo ilipo, kapena palibe?"

Mpope uja unkadontha pakona. Ndikanatha kunena kuti palibe, ndipo iye sakanapita kukatukula matiresi anga. Koma sipanalayo inalipo. Tsiku limene ndinagwa inali m'chikwama changa, ndiye inapita nane kuchipatala, n'kutuluka nane. Pa zipangizo zonse zimene ndinasonkhanitsa moyo wanga wonse, ndi yokhayo imene loko uja sanaitsekere.

"Ilipo," ndinatero. "Koma ndi chipangizo chabe. Ndi yanga."

"Mafuta mumaipakadi?"

Ndinatembenukira kumpope uja.

"Mabodza oti musankhe analipo ambiri," anatero. "Mukanatha kunena kuti mwapeza mkazi, kapena kuti mukusamuka. Munasankhiranji limeneli? Pankhongo, akawerama. Chithunzi chimenecho mwachiona lero koyamba?"

Sikanali koyamba. Kuyambira Lolemba lija ndinkachiona ndikusamba, ndikumanga nsapato, ndikudikira tiyi kuti azizire. Sindinkachitcha pulani. Sindinkachitcha chilichonse, chinkangobwera n'kupita ngati ntchentche. Ndinkaganiza kuti ndapeka bodza, koma ndinangotola chimene chinali pafupi. Nditazindikira zimenezi, munthu amene ndinkamuopa m'chipindamo sanalinso mayi wa magalasi uja.

Anati pali njira ziwiri: ndiuze mwana wanga ndekha, iye ali pomwepo, kapena amuuze iyeyo, ine ndili pomwepo. Ndinamupempha kuti asiye. Ine amene sindinagwadirepo mng'ono wanga kuti andibwezere ngakhale hamala, ndinapempha mwana wa dzana uyu kawiri konse. Anati sangasinthe. Anati chimene angachite n'kuuzanso mwana wanga kuti sindinajombepo Lachinayi, ndiponso kuti ndayankha zoona pamene ndikanatha kunama. Kenako anatuluka kukamuitana, n'kusiya chitseko chotsegula.

Mwana wanga analowa atanyamula khanda, thumba la matewera lili paphewa. Mlangizi anamupatsa mpando wake n'kuima pafupi ndi sinki. Ndinanena zonse, maso ali pansapato zanga. Ndinanena za sipanala, za pankhongo, zakuti ndimafuna kuona ngati mlangizi amadontha, ndi zakuti tsopano sindikudziwa kuti bodza linathera pati.

Mwana wanga anayamba kugwedeza khandalo pamwendo ngakhale silinkalira. Atalankhula, sanayambe ndi sipanala. Anati za dzanja palibe amene anamuuza, wakhala akuliona kuyambira ali mwana, iye ndi mayi ake ankadziwira pomwepo nthawi yochotsa makapu patebulo. Ndipo zoti munthu apume kaye, anati, amanena ngakhale anesi kuchipinda chochirira. Kenako anafunsa ngati opaleshoni yachiwiri ija inali utoto nayonso. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anati tsiku limenelo sanadye, ndipo m'mawa mwake, mimba ili apo, anakakhala pamzere kwa dokotala wa mafupa mpaka masana, n'kuuzidwa kuti palibe nkhani yotero. Anabwerera kunyumba osandifunsa, kuopa kundichititsa manyazi.

"Amuna anga anandiuza chifukwa anada nkhawa," anatero. "Mumafuna atani? Amve kuti apongozi ake akukachitidwa opaleshoni, n'kukhala chete? Ndiye amene angakhoze mayeso anuwa ndi ndani, bambo? Amene alibe nanu ntchito?"

Ndinayang'ana mlangizi kuti mwina anenepo zake za m'mabuku. Anangoti funso limenelo ndi labwino, ndipite nalo.

Mwana wanga anaimirira n'kukonza thumba paphewa. Anati sipanala ichoka m'nyumba lero. Anati Lamlungu likhala momwe linakonzedwera, chifukwa sangakhale moyo wake wonse akubisa anthu kwa ine. Anati amuna ake anaona kale kachipinda kutsidya kwa tawuni, mwini wake akudikira yankho Lolemba. Yankholo, anati, lichokera kwa ine.

Tinabwerera kunyumba pabasi. Titafika ndinapita kuchipinda, iye ali kumbuyo kwanga, n'kutukula matiresi. Munthu wa ntchito yathu akamatola sipanala yoteroyo, chala chachikulu chimapita chokha pakagudumu kokulitsira kukamwa kwake. Langa dzanja linagwira kumapeto kwenikweni kwa chogwirira, n'kuigwedeza pang'ono kuti limve kulemera kwa mutu. Ndinaliona likuchita zimenezo ngati dzanja la munthu wina. Ndinakumbukiranso kuti zaka zitatu zoyamba sipanalayo inkangokhala m'chikwama, ikuchita dzimbiri. Kuipaka mafuta ndinayamba sabata imene ovololo ija inalowa m'nyumba. Ndinaitembenuza sipanalayo n'kupereka chogwirira kwa mwana wanga. Anailandira ndi manja awiri n'kutuluka nayo.

Lamlungu ndinavala malaya oyera n'kukakhala pabalaza nthawi isanakwane, pampando wa pakona, ndodo itatsamira pabondo. Mwana wanga anandiyang'ana, sanandibweze. Mkamwini ankangotuluka n'kulowa, akupukuta tebulo lopukuta kale.

Mng'ono wanga anafika ndi galimoto yakeyake, yoyera, osati ya shopu ija. Wanenepa, khosi lamira m'kolala. Analowa ndi phukusi la zovala za mwana, akulankhula asanadutse n'komwe pakhomo. Atandiona anaima pang'ono, kenako anatambasula manja.

"Achimwene! Koma ndiye mukuoneka bwino. Akukudyetsani kuno."

Ndinamupatsa moni ndi mawu okha. Anaseka n'kuuza mkamwini kuti achimwenewa ndi choncho kuyambira kale, moni wawo amachita kuumana ngati mankhwala. Mkamwini anaseka kuseka kwa wantchito. Mwana wanga anabweretsa khanda n'kuligoneka pasofa, pafupi ndi mpando wanga, chifukwa ndi pokhapo panali mthunzi. Mng'ono wanga anabwera, anagwira mawondo ake, n'kuwerama.

Nkhongo yake inali patsogolo panga, pamtunda woti ndikanaigwira. Tsitsi linathothoka pakati, khungu lake likuwala thukuta, mnofu utapindika pamwamba pa kolala. Zinali ndendende monga ndinkazionera. Lilime linapita padzino. Makutu anayamba kutentha. Ndipo apa ndi pamene ndinakumbukira chimene tonse tinaiwala, ine, mwana wanga ndi mlangizi yemwe: ndodo yanga ndi yachitsulo, ndipo dzanja langa linali kale pamutu pake.

Mng'ono wanga ankalankhula ndi khandalo, akuti mphuno iyi ndi ya kwathu, uyu akadzakula ndidzamuphunzitsa ntchito kushopu. Zala zanga zinayamba kutseka. Ndinazimva, chimodzi kenako chinzake. Ndinapuma, mpweya n'kukana kulowa wonse. Mdzukulu wanga wamkazi anali ataima pakhomo la kukhitchini, akuyang'ana dzanja langa, osati nkhope. Ndinamuitana.

"Tenga ndodoyi ukaike kuchipinda kwanga."

Anayang'ana mayi ake. Mayi ake anagwedeza mutu kuvomereza. Anabwera chammbali, anaitenga mwachangu ngati yotentha, n'kuthamanga nayo. Popanda ndodo sinditha kudzuka pampando wakuya ngati umenewo. Ndinali nditadzikhomerera pamenepo, ndipo zonse zimene zinatsala ndinayenera kuzimva nditakhala.

Ndipo zinalipo. Tiyi atabwera, mng'ono wanga anakhala pasofa n'kutambasula miyendo. Anasimba za ntchito yaikulu imene apeza pa nyumba zosanja zatsopano. Anati walemba anyamata ena awiri. Anati makasitomala akale amafunsabe za ine, iye amawauza kuti mdala anapuma, akudya za ana. Anatembenukira kwa mwana wanga n'kunena kuti anthu sadziwa, koma iye akanapanda kuchitapo kanthu nthawi ija, mwini malo akanapereka shopuyo kwa ogulitsa matayala, ndiye dzina la banja likanathera pomwepo.

Lilime, makutu, dzanja. Lilime, makutu, dzanja. Zinkabwera n'kubwerera, ine ndikuziyang'anira. Dzanja ndinalikhalira, n'kulipanikiza ndi ntchafu. Nthawi ina m'mutu munabwera nkhani yabwino kwambiri yoti ndimuuze, yakuti ndaonana ndi loya, kuti ndione mmene nkhope yake isinthire ndi kumene nkhaniyo ikatulukire. Inali itafika kale pamilomo. Ndinaizindikira kuti ndi utoto, n'kuimeza pamodzi ndi tiyi.

Koma kukhala chete mpaka mapeto sindikanatha. Atayamba kufunafuna makiyi a galimoto m'thumba, ndinamuitana ndi dzina limene tinkamuitana ali mwana. Anatembenuka. Mwana wanga anasiya kapu m'mwamba. Ndinalankhula motsitsa, manja onse ali pansi pa ntchafu.

"Unandilanda shopu ine ndili m'chipatala. Sunabwere kudzandifunsa. Zipangizo zija ndi zanga."

Mng'ono wanga anayang'ana mkamwini, anayang'ana mwana wanga, kenako anamwetulira ngati munthu amene wamva mwana akutukwana osadziwa tanthauzo.

"Zakale zimenezo, achimwene," anatero. "Mudzidwalitsa nazo."

Anapsompsona khanda pachipumi, anauza mkamwini kuti mawa alawirire chifukwa pali mapaipi oti akatenge, n'kutuluka. Tinamva galimoto ikubwerera chambuyo mpaka kumsewu. Ine ndinali ndikadali pampando, malaya atanyowa kumsana.

Mwana wanga anasonkhanitsa makapu n'kupita nawo kukhitchini. Ndinamva madzi akutsegulidwa, kenako kutsekedwa. Anakhalako nthawi. Atabwera anali atanyamula ndodo yanga. Anaitsamiritsa pabondo panga n'kundigwira m'khwapa kuti ndidzuke. Sananene kuti ndachita bwino. Anangoti makatani a kuchipinda kwanga ada, mawa awachotsa awachape, ndiye ndipirire dzuwa masiku awiri. Kenako anauza amuna ake kuti aimbire bambo wa kachipinda uja, amuuze apereke kwa ena.

Lachinayi ndinapitanso kumapeto kwa kolido. Sindinganene kuti mayiyo ndimamukhulupirira. Ndinamuuza choncho, iye n'kunena kuti palibe vuto, bola ndizimuuza pamaso m'malo momuthirira utoto. Funso la mwana wanga lija ndikadali nalo, sindinalipezere yankho. Mkamwini akandipatsa moni ndimayankha, ngakhale atavala ovololo.

Sabata itatha ndinamufunsa mkamwiniyo kuti sipanala ija anaiika kuti. Anakanda m'mutu. Anati akazi ake anangomuuza kuti ichoke pakhomo, ndiye anaiponya kumbuyo kwa galimoto, osadziwa kokaitaya. M'mawa mwake akutsitsa katundu, abwana anaiona n'kuizindikira. Anati imeneyi ndi ya pano, yakhala ikusowa, n'kumuuza aikoleke.

Ili pamsomali wake wakale, pamodzi ndi zinzake. Kiyi wa shopuyo ali ndi mng'ono wanga.